Mzere Wonenepa ndi Mzere Woonda: Mbiri ya Zilembo za Bodoni ndi Didot

Pakati pa mitundu yambirimbiri ya zilembo zosindikizira pali umodzi umene munthu amauzindikira ali chapatali, ngakhale asakudziwa dzina lake. Mizere yake yoimirira ndi yonenepa, yakuda bii, pamene yopingasa ndi yoonda moti ina imachita kufuna kuyang'anitsitsa. Timapazi ta kumapeto kwa mizere, timene amisiri amatitcha serif, n'towongoka ndi topyapyala, ndipo timagundana ndi thupi la chilembo popanda kukhota kwenikweni. Chilembo o chimanenepa mofanana kumanzere ndi kumanja, n'kuondera pamwamba penipeni ndi pansi penipeni. Zilembo a, c, f ndi r zimathera pa kadontho kobulungira. Zilembo zotere ndi zimene zili pa zikuto za magazini a Vogue ndi Harper's Bazaar, pa mabotolo a perefyumu ndi pa makhadi ambiri oitanira anthu ku ukwati. Eni ake otchuka ndi awiri, Giambattista Bodoni wa ku Italy ndi Firmin Didot wa ku France, ndipo mu 1954 Maximilien Vox, pogawa zilembo m'magulu, analumikiza mayina awiriwa n'kutcha gulu lonse Didone.

Gwero la maonekedwe amenewa ndi cholembera. Zilembo za Chiroma zimene Nicolas Jenson anasindikizira mabuku ku Venice mu 1470, ndi zimene Claude Garamond anasema ku Paris m'zaka za m'ma 1500, zinkatsanzira dzanja la mlembi wogwira nthenga yodulidwa mophwatalala kunsonga. Nthenga yotere ikagwiridwa mopendeka imatulutsa yokha mzere wonenepa ndi woonda malinga ndi kumene dzanja likulowera, koma kusiyana kwake kumakhala kwapakatikati, ndipo malo oonda a chilembo o amagwera chapamwamba kumanzere ndi chapansi kumanja. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, aphunzitsi a kalembedwe anali atakonda nthenga yosongoka imene nsonga yake imayasama ikadinikizidwa. Potsika dzanja limalemera, mzere n'kutupa. Pokwera limapepuka, pepala n'kungokhudzidwa pang'ono. Ozokota zithunzi ndi mawu pa mkuwa ankatulutsa timizere toonda kuposa apo. Maso a owerenga olemera anazolowera ukhondo umenewu, ndipo zilembo za m'mabuku zinayamba kuwaonekera zachikale ndi zojintcha.

Mu 1692 mfumu Louis XIV ya ku France inalamula kuti nyumba yake yosindikizira, Imprimerie Royale, ikhale ndi zilembo zakezake. Ntchitoyo inaperekedwa kwa akatswiri a Académie des Sciences, osati kwa alembi, ndipo iwo anajambula chilembo chachikulu chilichonse pa malo ogawidwa m'timabokosi 2,304, ndi rula ndi kampasi. Philippe Grandjean, amene anasema zilembozo pa chitsulo, sanatsatire zonse, poti diso la mmisiri limaona zimene rula siidziwa. Komabe zilembozi, zotchedwa Romain du Roi, zimene zinaonekera koyamba m'buku la mu 1702, zinali zitaima kale chilili, ndi timapazi towongoka.

Kujambula mzere woonda kunali kosavuta. Nkhani inagona pa kuusindikiza. Chilembo chilichonse chinkayamba ndi mmisiri wosema, amene ankatenga kachitsulo kotalika pafupifupi chala chimodzi n'kusema chilembo kunsonga kwake, chotembenuzidwa, pa msinkhu weniweni umene chidzakhale nawo pa pepala. Zida zake zinali tupa zing'onozing'ono ndi timipeni tozokotera. Akafuna kuona pamene wafika, ankaika nsongayo pa lawi la kandulo kuti ide ndi mwaye, kenaka n'kuidinda pa kakhadi. Akaona kuti mimba ya a yatupa kwambiri, ankapala pang'ono, n'kudetsanso, n'kudindanso. Akakhutira ankalimbitsa chitsulocho pa moto n'kuchikhomera pa kachidutswa ka mkuwa, ndipo dzenje lotsala pa mkuwapo ndilo linkakhala chikombole chothiramo mtovu wosungunula, wosakaniza ndi tin ndi antimony. Pa mtovu wofewa chotero kamzere koonda kankathyoka msanga. Pepala nalo silinkathandiza. Linkapangidwa ndi nsanza pa sefa ya mawaya ondondozana imene inkasiya timizere totumphuka, ndipo ankayamba alinyowetsa asanalipanikize pa makina a matabwa. Pa pepala lotere mzere woonda unkaduka pena, pena n'kufalikira.

Woyamba kulimbana ndi mavuto onsewa pamodzi anali John Baskerville wa ku Birmingham, munthu amene anayamba monga mphunzitsi wa kalembedwe ndi wozokota miyala ya pamanda, n'kudzalemera ndi bizinesi yopaka vanishi ziwiya. Chuma chimenecho anachithira mu zosindikiza. Anakonza inki yakuda kwambiri, anayesa pepala latsopano la James Whatman lopangidwa pa sefa yoluka, lopanda mizere, ndipo masamba akatuluka m'makina ankawapanikiza pakati pa zitsulo zamkuwa zotentha kuti asalale. Buku lake loyamba, ndakatulo za Virgil, linatuluka mu 1757. Anzake ambiri ku England sanakondwe nalo. Benjamin Franklin, m'kalata ya mu 1760, anamusimbira za munthu wina amene ankanena kuti zilembo za Baskerville zidzachititsa khungu owerenga chifukwa cha kuonda kwa mizere yake. Franklin anatenga pepala la zitsanzo za zilembo za mmisiri wina, Caslon, n'kung'amba dzina pamwamba, n'kumuonetsa munthuyo ngati za Baskerville. Iye anayamba kuloza zolakwa ponseponse, akudandaula kuti maso akumuwawa. Panthawiyo dandauloli linali la tsankho chabe, koma linadzatsata zilembo za mtunduwu mpaka lero, ndipo m'kupita kwa zaka linapeza zifukwa zenizeni. Omusirira Baskerville anali ku France ndi ku Italy, ndipo atamwalira mu 1775, Beaumarchais wa ku France anagula zitsulo zake kuti asindikizire mabuku a Voltaire.

Ku Paris ntchitoyi inali ya banja. François-Ambroise Didot anabweretsa pepala losalala lija ku France cha m'ma 1780, mogwirizana ndi opanga mapepala a ku Annonay, ndiponso anakhazikitsa muyeso wa kukula kwa zilembo, pointi ya Didot ya mamilimita 0.376, umene osindikiza a m'maiko ambiri a ku Ulaya anautsatira kwa zaka pafupifupi 200. Ana ake awiri anagawana ntchito: Pierre ankasindikiza, Firmin ankasema. Firmin anali ndi zaka 20 zokha mu 1784 pamene zilembo zake zoyamba za mtundu watsopanowu zinatuluka, ndipo anapitiriza kuondetsa timizere mpaka kufika pa mabuku akuluakulu amene Pierre anasindikizira m'nyumba ya Louvre: Virgil mu 1798, Horace mu 1799 ndi Racine mu 1801. Pa masamba amenewa fungo la nthenga latheratu. Chilembo chilichonse chaima pachokha, cholongosoka, ndipo zigawo zake zimabwerezedwa mosasintha kuchoka pa n kupita pa m, h ndi u. Inali nyengo imene France inkayeza chilichonse mwatsopano. Mita ndi kilogalamu zinabadwa m'zaka zomwezo.

Bodoni anabadwa mu 1740 ku Saluzzo, m'banja la osindikiza. Ali ndi zaka 18 anapita ku Rome n'kulowa ntchito pa nyumba yosindikizira ya Propaganda Fide, imene inkatulutsa mabuku a amishonale m'zinenero zambiri. Kumeneko anapatsidwa ntchito yosanja ndi kuyeretsa zitsulo zakale za zilembo zakum'mawa, ndipo dzanja lake linakhwima pa kusema. Mu 1766 anaganiza zopita ku England, dziko la Baskerville, koma malungo anamugwetsa atadzera kwawo ku Saluzzo, ulendo n'kuthera pomwepo. Patapita zaka ziwiri anaitanidwa kukayang'anira nyumba yosindikizira ya Ferdinando, wolamulira wa Parma, ndipo anakhala mumzindawo zaka 45, mpaka imfa yake mu 1813.

Poyamba ankasindikiza ndi zilembo zogula kwa a Fournier a ku Paris, ndipo zoyamba kusema yekha, zimene anaonetsa mu 1771, zinkatsanzira Pierre-Simon Fournier pamodzi ndi timaluwa take tokongoletsera. Pang'ono ndi pang'ono, ataona ntchito ya Baskerville ndi ya a Didot, anachotsa timaluwato mpaka tsamba linatsala ndi zilembo ndi pepala loyera basi. Apa ndi pamene pagona luso lake lenileni, limene otsanzira ambiri amaliphonya. Bodoni ankasema zilembo n'kuzikonzeranso malo okhala. Ankasiya m'mphepete mwa tsamba motakasuka, ankatalikitsa mizere ya mawu, ankasankha pepala loyera ndi inki yakuda, ndipo ankasindikiza makope ochepa, mosathamanga, ogula ake ali mafumu ndi anthu osonkhanitsa mabuku. Mu 1806 anatulutsa Pemphero la Ambuye m'zinenero 155, ndipo mu 1808 anatulutsa Iliad ya Homer m'Chigiriki, m'mavoliyumu atatu akuluakulu, yoperekedwa kwa Napoleon. A Didot ankamunena kuti amasamala kukongola kuposa kulondola kwa mawu, ndipo sankanama, poti mabuku ake ena anali ndi zolakwa. Koma pa kuchuluka kwa zimene anasema, ndi ochepa amene anamuyandikira. Mkazi wake wamasiye, Margherita Dall'Aglio, anamaliza ndi kutulutsa mu 1818 buku lake lalikulu la zitsanzo, Manuale Tipografico, la mavoliyumu awiri, mmene muli mitundu 142 ya zilembo za Chiroma pamodzi ndi zopendeka zake, kuphatikizapo za Chigiriki, Chirasha, Chiarabu ndi zina. Zitsulo zake zoposa 20,000 zikusungidwa ku Museo Bodoniano ku Parma. Poziyerekeza ndi za Didot, zilembo za Bodoni zili ndi kufewa pang'ono: pokumana kaphazi ndi thupi nthawi zambiri pamakhala kukhota kochepa, ndipo zobulungira zake n'zodzaza.

Nambala ya 142 ija yanyamula mfundo yaikulu kuposa zonse pa nkhaniyi. Sikuti Bodoni anali ndi maganizo 142 osiyana. Zambiri mwa zilembozo ndi ganizo limodzi losemedwa mwatsopano pa msinkhu uliwonse. Popeza mmisiri ankasema pa kukula kwenikweni, diso lake linkaweruza kuti pa msinkhu umenewo kamzere kangaonde kufika pati osasowa. Zilembo zing'onozing'ono za m'munsi mwa tsamba ankazipatsa timizere tolimba, mimba zotakata ndi mpata wokwanira pakati pake. Zikuluzikulu za pamutu wa buku ndizo ankaonetserapo luso, kunenepa ndi kuonda kutasiyana kotheratu. Choncho kusiyana kwakukulu kwa mizere, kumene lero anthu amakutenga ngati chizindikiro cha Bodoni, kunali makamaka kwa zilembo zikuluzikulu.

Ku London amalonda anaona mwayi wina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 mizinda inkakula, ndipo makoma ankadzaza ndi mapepala olengeza malotale, zisudzo, maokushoni ndi ngolo za apaulendo. Zilembo za m'mabuku zinali zofatsa kwambiri pa ntchito yotere. Robert Thorne, mwini fakitale ya zilembo ya pa Fann Street, ndiye amatchulidwa kawirikawiri kuti anayambitsa zimene Angerezi anazitcha fat face: chilembo cha mtundu watsopano uja, mizere yoimirira itanenepetsedwa mopitirira muyeso, timizere toonda titasiyidwa momwemo. Thorne atamwalira mu 1820, William Thorowgood anagula fakitaleyo, ndipo akuti ndalama zake anaziwina pa lotale. Apa ndi pamene zilembo zinagawikana pawiri moonekeratu, zowerengera nkhani yaitali ndi zoimitsa munthu wodutsa mumsewu. Mu 1828 Darius Wells wa ku New York anayamba kugulitsa zilembo zosemedwa pa mtengo ndi makina, poti za mtovu zikakula kwambiri zinkalemera ndiponso sizinkatuluka zosalala, ndipo zolengeza za pa makoma zinakula kuposa kale.

M'mabuku wamba zinthu sizinayende bwino chotero. Zilembo za Didone zinafalikira ku Ulaya ndi ku America mpaka zinakhala za tsiku ndi tsiku m'manyuzipepala, m'mabaibulo ndi m'mabuku a sukulu. Koma tsopano zinkasindikizidwa zing'onozing'ono, zothithikana, pa pepala lotchipa, ndi makina othamanga a nthunzi. Timizere tinkathyoka kapena kuzimiririka, tsamba n'kumaoneka ngati mpanda wa mabango: diso likuona zoimirira zokhazokha, osadziwa pamene n wathera ndi pamene u wayambira. William Morris, amene anatsegula Kelmscott Press mu 1891, ankati zilembo za Bodoni n'zonyansa ndi zothobwa m'maso, ndipo iye anabwerera kwa Jenson. Ku New York m'zaka zomwezo, Theodore Low De Vinne anapempha Linn Boyd Benton kuti amusemere zilembo za timizere tolimba za magazini ya Century pa chifukwa chomwecho. Mlanduwo unali woona, koma mbali yaikulu inayenera kugwera zidzukulu zofooka za Bodoni, zosindikizidwa m'njira imene mwini wakeyo sakanailola.

Benton yemweyo ndiye anapanga, mu 1885, makina osemera zitsulo potsatira chojambula chimodzi chachikulu, n'kumachichepetsa monga wafunira. Iye mwini ankasinthabe zina ndi zina pa msinkhu uliwonse, koma njira yachidule inali itapezeka. Mwana wake, Morris Fuller Benton, anatsitsimutsa Bodoni ku American Type Founders cha m'ma 1910, ndipo mu 1926 kampani ya Bauer ku Frankfurt inatulutsa ina yoonda kwambiri motsogozedwa ndi Heinrich Jost. Kusindikiza kwa pa filimu kutafika m'ma 1950 ndi 1960, kenaka kompyuta, chojambula chimodzi chinayamba kugwira ntchito pa misinkhu yonse. Chikakhala chojambulidwira mitu, mawu ang'onoang'ono ankasowa timizere. Chikakhala chojambulidwira mawu ang'onoang'ono, mitu inkatuluka yojintcha, ulemu wonse utachoka. Panasowanso china chimene makina akale ankapereka osapemphedwa: inki inkafalikira pang'ono pa pepala n'kulimbitsa timizere. Ophunzira masamu amene amawerenga mapepala okonzedwa ndi pulogalamu ya TeX amadziwa kutuwa kwa zilembo za Computer Modern, zimene Donald Knuth anatengera pa Monotype Modern 8A. Pa sikirini palibe inki yoti izinenepetse.

Kumene zilembozi zinakapeza mudzi wake weniweni ndi m'magazini a mafashoni, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Magazini otere anali ndi zonse zimene Bodoni anali nazo ku Parma: pepala losalala, inki yabwino, masamba akuluakulu ndi ndalama zolola malo kukhala opanda kanthu. Alexey Brodovitch, amene anayang'anira maonekedwe a Harper's Bazaar kuyambira 1934 mpaka 1958, ankaika mawu ochepa a zilembo zoterezi pafupi ndi chithunzi chimodzi, gawo lalikulu la tsamba n'kulisiya loyera. Vogue inakhazikika pa dzina lolembedwa m'zilembo za mtundu wa Didot m'ma 1950, ndipo makampani a zovala monga Giorgio Armani anatsata njira yomweyo. Pamene Harper's Bazaar inkakonzedwanso kumayambiriro kwa ma 1990, Jonathan Hoefler anajambula Didot yatsopano m'misinkhu isanu ndi iwiri, kuyambira mapointi 6 mpaka 96, kuti kamzere kaonde moyenera pa mutu waukulu ndi pa mawu ang'onoang'ono pomwe. Mu 1994 gulu lotsogozedwa ndi Sumner Stone, litakaona ntchito ya Bodoni ku Parma, linatulutsa ITC Bodoni m'misinkhu itatu, 6, 12 ndi 72. Onsewa ankabwezeretsa chimene mmisiri wa tupa ndi kandulo ankachita tsiku lililonse.

Mbiri imeneyi ndiyo imauza wokonza masamba wa lero pamene zilembozi zimayenera. Mitundu yojambulidwira mitu, monga Playfair Display ya Claus Eggers Sørensen ndi Abril Fatface ya TypeTogether, yonse ya mu 2011 ndipo imapezeka mwaulere pa Google Fonts, imafuna kukhala yaikulu ndi ya mawu ochepa: dzina la magazini, mutu wa nkhani, chikuto cha buku, mayina a akwati pa khadi, manambala akuluakulu a pa kalenda. Manambala ake, ndi timadontho tawo tobulungira, ali m'gulu la okongola kwambiri mu zosindikiza zonse. Kutsika pansi pa mapointi 24 kapena chapompo, kamzere kamayamba kuvutika, ndipo ndime zazitali ndi bwino kuzipereka ku zilembo zina za mizere yosasiyana kwambiri. Mizere ya mawu imafuna kutalikirana, chifukwa zilembo zoima chilili zimakokera diso m'mwamba ndi pansi pamene kuwerenga kumafuna kuti liyende chopingasa.

Alipo malo amene zilembozi zimagonja nthawi zonse. Kuzilemba zoyera pa chakuda kapena pa chithunzi n'kuika timizere pangozi, poti inki yozungulira imafalikira n'kutimeza, makamaka ngati mtunduwo wapangidwa ndi inki zinayi zimene zingasemphane pang'ono. Pepala la nyuzipepala limamwa inki. Fotokope ya fotokope imayamba kudya zoonda. Nsalu yopetedwa ndi makina, chidindo cha labala ndi chikwangwani cha pamsewu chowerengedwa ndi woyendetsa galimoto sizisunga kamzere. Anthu ofooka maso amavutika nazo kuposa ena onse, choncho pa mapepala a mankhwala, pa mafomu ndi m'mabuku a ana oyamba kuwerenga sizoyenera m'pang'ono pomwe.

Wosindikiza m'Chichewa ali ndi zina zowonjezera zoti aziganizire. Mawu a Chichewa ndi aatali ndipo amadzaza ndi m, n, u ndi i, zilembo za mizere yoimirira yokhayokha, moti mawu monga kumunamiza amasokonekera msanga timizere tolumikiza tikafooka. Mutu wautali umakakamiza munthu kuchepetsa zilembo kuti ukwane pa mzere umodzi. Njira yabwino n'kuudula pawiri, zilembo n'kukhalabe zazikulu. Kachizindikiro ka mu ng' ndi m' kamatuluka ngati dontho lalikulu lamchira ndipo kamafuna kuti mpata wake uwongoledwe ndi diso. Chilembo ŵ sichipezeka m'mitundu ina ya zilembo za mitu, ndipo kompyuta imangobwereka cha mtundu wina osanena, dzina la Malaŵi n'kutuluka ndi chilembo chimodzi chachilendo pakati. Mitundu imene inakonzedwa mokwanira chinenero cha ku Wales imakhala nacho, poti nakonso amachigwiritsa ntchito.

Kuyambira 2016 dongosolo la OpenType limalola fayilo imodzi kusunga misinkhu yonse ya chilembo, kamzere n'kumanenepa kapena kuonda malinga ndi kukula kumene kwasankhidwa. Bodoni Moda ya Owen Earl inapangidwa chotero, kuyambira mapointi 6 mpaka 96, ndipo mapulogalamu otsegulira intaneti amatha kusankha okha msinkhu woyenera. Si mapulogalamu onse amene amatero. Pamene sizitheka, wokonza tsamba amasankha yekha mtundu wojambulidwira kukula kumene akufuna, n'kusindikiza tsamba limodzi pa pepala lenileni la ntchitoyo, ndi makina omwe adzaisindikize, asanalamule makope onse.